Makalata a soya amene Tionenji anatayipa

Amayi Tionenji Makwinja anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Phalombe akadali mtsikana, potsatira amuna awo amene anapeza ntchito yaulonda ku Kanengo. Kutayipa anakuphunzirira pa ofesi ya mpingo pomwe ankasesa. Amuna awo atamwalira, anagula kompyuta yakale ndi makina a fotokope, n'kuchita lendi kachipinda ku Biwi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala.

Ankatayipa chilichonse chimene munthu wabweretsa, kaya kalata yofunsira ntchito, kaya pulogalamu ya maliro. Sankafufuta kanthu mu kompyutamo, poti anthu amataya mapepala n'kubweranso akudandaula.

Abambo Anock Chikuse anayamba kubwera mu 2021. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa. Ankabweretsa zolemba pamanja kuti ziikidwe bwino, makalata osonyeza kuti kampani yawo yatumiza soya kunja kudzera padoko la Beira. Dzina la kampaniyo linkasinthasintha.

"Abambo, soya yenseyu mumasunga kuti?" Amayi Tionenji anafunsa tsiku lina.

"Ku Njewa, Amayi. Tili ndi shedi yaikulu kumeneko."

Sanafunsenso.

Patapita zaka ziwiri, Lachiwiri lina m'mawa, panafika alendo atatu: mayi wina wofufuza milandu ya zachuma dzina lake Keziah, wapolisi mmodzi, ndi wofufuza wa ku Mozambique amene ankalankhula Chinyanja cha ku Tete. Keziah anafotokoza mosathamanga. Soya kunalibe. Panali ndalama zimene zinabedwa m'dziko lina, ndipo makalata aja ankaperekedwa ku mabanki kuti zioneke ngati zochokera ku malonda. A ku Mozambique ndi amene anaona kuti padokopo sipanadutse thumba ngakhale limodzi, ndiye anauza anzawo a kuno.

"Ndiye kuti ndamangidwa?"

"Ayi, Amayi," anatero Keziah. "Tikufuna kompyutayi, ndiponso mawu anu."

M'kompyutamo anapezamo makalata onse, iliyonse ndi tsiku lake.

Miyezi isanu ndi iwiri Amayi Tionenji anadalira fotokope yokha. Ku Biwi kunamveka mphekesera yoti nawonso anadyako, ndipo makasitomala ena anasamukira kutsidya kwa msewu. Amayiwo ankatsekulabe chitseko m'mawa uliwonse.

Abambo Chikuse anagwidwa ku Tete, ndipo mlandu wawo unazengedwa ku Beira. Amayi Tionenji sanapiteko. Anawakhazika m'chipinda china mu Lilongwe momwemu, kutsogolo kwa kanema wamkulu, womasulira ali pambali. Pakanemapo anaona woweruza, kenaka Abambo Chikuse atawonda. Bamboyo anawagwedezera mutu ngati popereka moni. Iwo anayankha chimodzimodzi.

Woweruza anafunsa ngati ankadziwa kuti makalatawo anali abodza.

"Ndinakayikapo kamodzi," anatero. "Ndinafunsa, anandiyankha, ndipo ndinalola kuti yankholo lindikwanire."

Womasulira anachedwa pang'ono asanawapereke mawuwo m'Chipwitikizi.

Kompyuta inabwezedwa itamatidwa kapepala ka nambala ya mlandu. Tsiku limene Keziah anaimba foni kunena kuti Abambo Chikuse apezeka olakwa, Amayi Tionenji anali pakati potayipa mayeso a sukulu ina ya mkaka ya ku Kawale. Anathokoza, n'kupepesa kuti adule msanga, chifukwa mphunzitsi anali chiimire pakhomo kudikira mapepala ake.