Munda wa Yasokichi Womwa Madzi Poyamba

Yasokichi ndinakula naye, mamina ake ndimawadziwa. Sukulu tinathawa limodzi. Koma nkhondo itatha, minda ya eni malo itagulitsidwa kwa ife olima, iye anapeza wa kumtunda, pakamwa penipeni pa ngalande, uja timautcha tsukuda. Ine anandipatsa wa kumunsi, kumene madzi amafika atatopa.

Basi munthu anayamba kuyenda chifuwa patsogolo. Ati tsukuda ndi munda wa mbuye, ndiye mwini wake nayenso ndi kambuye. Mawu akuti tsukudawo ndi akaledi. Wansembe wa kukachisi anandiuza kuti poyamba ankati tsukuri-da, munda wolimidwa. Wolimidwa ndi yani? Ndi makolo athu! Mbuye ankapereka mbewu ndi chakudya, iwo n'kupereka msana, mpunga wonse n'kulowa m'nkhokwe yake. Ambuyewo anatha kalekale, koma mwambo umodzi unatsala: madzi amayamba kumwa ndi tsukuda.

Chaka china mvula inachedwa. Mbande zanga zinkakalamba panazale, munda uli ming'alu yokhayokha, wa mnzanga madzi ali tho. Pamsonkhano wa madzi ndinaimirira.

"Inu ambuye a mamina, ngati mwambo mumaukonda, utengeni wonse. Mwini tsukuda ankadyetsa mudzi tsiku lowokera, mpunga woyera ndi mowa. Mukalephera, madzi tigawane."

Ndinkadalira kuumira kwake. Yasokichi amatsuka chotokosera mano n'kusunga.

"Iwe Tomezo," anatero, "wafuna kulawako mpunga woyera usanafe? Udzabwere ndi mbale yaikulu."

Anagulitsa chovala chaukwati cha mkazi wake Otane, n'kuphikadi. Mudzi wonse unabwera. Ine ndinadya mwaukali, kuti ndimusaukitse. Mowa utalowa, nkhalamba zinakumbukira mbali ya mwambo imene ine ndinaidumpha dala: wadya za tsukuda amawoka pa tsukuda.

Ndinawerama m'matope a Yasokichi mpaka dzuwa kupendeka, iye ali pamzere manja kumbuyo.

"Tomezo, mzere wako wakhota. Makolo ako sankawoka chonchi!"

Madzi anafika kwanga sabata itatha. Mpunga umene ndinakolola, mpheta zinaunyoza.

Mudzi unaukonda mwambowo, mpaka lero chaka ndi chaka timawokera Yasokichi, ndipo ana amamutchuladi ambuye. Pa mowa woyamba Yasokichi amakweza chikho n'kuthokoza amene anautsitsimutsa: ine. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mowa wakewo ndi wokoma.