Dzina Lofiira Pachigoba cha Kamba

Mumsika wathu wa m'mbali mwa mtsinje wa Solnae, zipi akakukana kapena thalauza likatalika, aliyense amakulozera kwa Mayi Tak Myosun, pakona paja pakati pa ogulitsa nsomba zouma ndi Mayi Bang wa zitumbuwa za nyemba. Akhala pamenepo zaka makumi atatu, makina awo osokera akulira ngati nyenje. Palibe mwana wa pasekondale ya m'tauni muno amene yunifolomu yake sinadutse m'manja mwawo. Atsikana amabwera monong'ona kudzapempha kuti siketi ifupike zala zinayi. Iwo amavomera ndi mutu, n'kufupikitsa zala ziwiri. Ukadandaula amati tepi yawo ndi yakale, siiona bwino.

Kale sitinkati Mayi Tak ayi. Kwathu ku Koreya kuno mkazi akangobala, dzina lake limapita pansi pa sutikesi. Tinkati Amake Duman. Koma Duman anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, njinga yamoto imene ankaperekera zakudya m'makomo itaterereka pamadzi oundana pamlatho. Maliro atatha, msika wonse unasiya kutchula dzinalo, popanda kupangana. Tinkati tikuwamvera chisoni. Ngakhale Mayi Bang, amene pakamwa pawo sipadziwa tchuthi, anayamba kungoti "Achemwali" basi.

Tsono chaka chilichonse, tsiku lachitatu la mwezi wachitatu wa kalendala yakale, madzi atasungunuka, amayi a kukachisi wa Buddha amachita mwambo womasula zamoyo. Umagula cholengedwa chimene chikanafera m'manja mwa wogulitsa, n'kukachisiya m'madzi, ndipo ubwino wa chifundo chimenecho umapita kwa munthu amene wamutchula. Kale ambiri ankagula akamba am'madzi, aja a mzere wofiira kukhutu. Boma linadzaletsa, poti ndi obwera kuchokera kunja ndipo amadya chilichonse. Ansembe nawo analengeza zomwezo. Mayi Tak anamva ndi khutu limodzi. Nsomba sungailembe dzina, koma kamba ali ndi chigoba.

Ankadziwa bambo wina kuseri kwa msika waukulu wa mumzinda amene sankafunsa mafunso. Amagula kamba mmodzi, kumupukuta bwinobwino ndi kansalu, n'kulemba pachigoba ndi kyutekisi wofiira, wopaka zikhadabo uja: Duman. Mmawa anthu asanatsegule mabenchi, ankatsikira kudziwe la pansi pa mlatho, kumuika pamadzi, n'kuima kufikira atamira. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Mumtima mwawo dzina la mwana wawo linali lamoyo penapake, likusambira.

Chaka chathachi kunabadwa kagulu ka ana a sekondale koteteza mtsinje, pansi pa Aphunzitsi Yom, bambo wamtali woonda amene nsapato zake sizinaumepo. Anayamba ndi kutola mabotolo ndi mapepala. Kenaka tinkawaona akutunga madzi m'timabotolo n'kumatiyang'ana padzuwa ngati asing'anga, ena akuvundukula miyala kuwerenga nkhono. Mumsika tinkaseka. "Makolo akuti mwana ali kusukulu," ankatero Mayi Bang, "kumeneko akuitana mayina a nkhono m'kaundula."

Mtsogoleri wawo anali Pyo Haram, mtsikana wa chaka chachiwiri, wamfupi, wa mawu ngati belu la kukachisi. Tsiku lina anafika kwa Mayi Tak atanyamula ukonde wobiriwira.

"Azakhali, mungatisokere matumba asanu ndi limodzi? Ndi za kumtsinje."

"Siketi ija sunabwere nayo lero?"

"Ija munafupikitsa chala chimodzi ija? Ndinakukhululukirani."

"Ziwiri, mwana wopanda ulemu iwe. Siya pamenepo."

Anasoka misoko iwiriiwiri, yolimba, osalandira kanthu. Ankaganiza kuti ndi matumba a zinyalala. Sanafunse, ndipo Haram sanaone chifukwa chofotokozera kuti matumbawo akamangiriridwa pansi pa mapaipi oyandama, kuti kamba akakwera kudzaothera dzuwa, potsika azigwera m'kati.

Loweruka lina masana, Mayi Bang anafika akupukuta manja pa epuloni. Sanakhale pansi, ndipo zimenezi zokha zinali zachilendo.

"Achemwali, ana aja agwira akamba. Makumi anayi, ali m'mabafa pagombe apo. Akuti Lolemba galimoto la boma lidzawatenga."

"Kupita nawo kuti?"

"Mukudziwa inu. Sabwerako." Anayang'ana kumbali. "Atatu ndi olembedwa."

Makina anaima. Mayi Tak anayang'ana mnzawoyo.

"Unkadziwa?"

"Ine ndimaviika nyemba mmawa, zenera langa linaloza kumlatho. Mwayesa ndilibe maso?"

Tangoganizani: Mayi Bang, amene anatiuza za mimba ya mpongozi wa wogulitsa nsapato mwini wake asanadziwe, anasunga nkhani zaka khumi ndi chimodzi. Ena mpaka lero sakhulupirira.

Mayi Tak anavula magalasi, natsika masitepe a kumtsinje, tepi ili m'khosi. Panali anthu ambiri. Ana anali atakhoma chikwangwani chachikulu, ndipo Haram anaima pa kreti akulankhula: "Amene amataya akamba mumtsinje uno akupha mtsinje! Kuganiza kwawo n'kotani anthu amenewa?" Anthu ankawomba m'manja, ena mwa iwo amayi a kukachisi amene zaka zapitazo ankanyamula akamba awiriawiri.

M'mabafa abuluu akamba ankakwerana, zikhadabo zikukanda pulasitiki. Pambali panali ndowa ina yokhayokha, yovundikira ndi thaulo lonyowa. Mayi Tak anagwada navundukula. Analemba okha, ankadziwa dzanja lawo. Pa mmodzi zilembo zinali zowala. Pa awiriwo zinali zitayamba kufufutika.

Haram anatsika pa kreti. "Azakhali, mwabwera kudzaona ntchito ya matumba anu? Sanang'ambike ngakhale limodzi."

"Awa mwawapatuliranji?"

Mawu a mtsikanayo anatsika. "Dzinalo n'lofiira. Dzina la wamoyo sitilemba ndi zofiira. Ndiye tinati mwini wake anamwalira, ndipo pali wina amene akumulira. Sitinadziwe chochita nawo." Anawerama nawerenga pang'onopang'ono. "Duman."

Mayi Tak anagwira m'mphepete mwa ndowa. Zaka khumi ndi chimodzi dzinalo linali lisanatuluke pakamwa pa munthu wina iwo akumva.

"Ndi mwana wanga," anatero. "Akambawa ndi anga. Anthu amene ukufunsa kuganiza kwawo aja, ndine."

Nkhope ya Haram inafiira mpaka m'makutu. Anawerama kwambiri, osadzuka. "Pepani, Azakhali. Sindinadziwe."

"Dzuka, msana ungathyoke. Ndiuze, alakwa chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana kwa Aphunzitsi Yom, koma iwo anangomukodola kuti ayankhe yekha. Anabweretsa kabotolo ka galasi. M'kati mwake munali tinkhono takuda, tija timaphika msuzi wobiriwira.

"Izi ndi zonse zimene tapeza m'dziwe lonse la pansi pa mlatho. Zisanu ndi zinayi. Agogo anga amati kale munthu unkadzaza mphika madzi asanakuziziritse miyendo. Mbululu kulibe. Tinsomba tating'ono tatsala kumtunda kokha. Akambawa amadya zonse, ndipo akuswana."

Mayi Tak anatenga kabotoloko. Duman ali wamng'ono ankabwera kuchokera kudziwe lomwelo kabudula ali chonyowa, ketulo itadzaza nkhono, iwo n'kumukalipira uku akutereka madzi. Ankakhala pakhomo akuzitokosa ndi singano ya amake. Tsopano anayesa kukumbukira kuti ndi liti pamene anaona mwana aliyense akutola nkhono pamenepo. Sanathe. Chaka ndi chaka ankaima pagombe lomwelo, maso ali pa kamba wawo yekha.

"Ine ndinkati ndikupereka moyo," anatero, osauza munthu aliyense.

Mayi Bang, amene anali atawatsatira, anapenga chimfine mu epuloni mwaphokoso.

"Aphunzitsi," anatero Mayi Tak, "dzina la mwana wanga silikwera galimoto limenelo."

Aphunzitsi Yom anakanda m'mutu. Anati pali chikalata chimene munthu angalembe kuti asunge akamba otere pakhomo, bola alonjeze kuti sadzawabwezanso kumtsinje, ndipo iwo awathandiza kulemba. Anachenjeza kuti zinthuzi zimakhala ndi moyo zaka makumi atatu.

"Ndiye kuti adzandiika m'manda ndi iwowa. Chabwino. Nanga enawa?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo zonyowa. Mayi Tak anayang'ana mabafa aja. Munali tiana tambiri tating'ono ngati chivundikiro cha botolo, ndipo sanafunike kuuzidwa kuti ena mwa makolo ake anawabweretsa ndani. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri. Sakanatha kuwasunga onse.

Lolemba sanatsegule benchi. Anavala zotuwa za kukachisi, naima pagombe ndi mikanda yopempherera pamene anthu a boma ankakweza mabafa. Haram anapempha chilolezo kusukulu, anaima pambali pawo, manja ali pamodzi, ngakhale kwawo ndi a tchalitchi. Galimoto litakhota pakona, Mayi Tak anapitiriza kupemphera kufikira mikanda itatha kuzungulira.

Akamba atatuwo akukhala pakhonde, m'beseni lalikulu lofiira limene Mayi Tak ankathiriramo mchere kabichi wa kimchi, ndiwo yathu yowawasa ija. Chaka chino kabichi wawo anamuthira mchere m'beseni la Mayi Bang, ndipo tamva za kukoma mtima kumeneko kokwanira kasanu ndi kawiri. Zigoba zimafundula, zilembo zikutha. Kyutekisi uja akadali pashelefu, sanamutsegulenso.

Olembedwa ena asanu ndi atatu akadali mumtsinje, ngati ali moyo. Haram anabweranso ndi ukonde wina, akuchita manyazi pakhomo. Mayi Tak anaulandira, nasoka misoko iwiriiwiri ngati poyamba.

Mvula ya dzinja lathu isanagwe, mtsinje wa Solnae umaphwa, n'kusiya timaiwe pakati pa miyala mmene tinsomba timatsekeredwa, madzi akutentha. Ana aja amatitunga ndi ndowa kupita nato kumadzi akuya. Loweruka lina tinaona Mayi Tak akutsika masitepe atavala majombo obwereka kwa wogulitsa nsomba, aakulu moti ankayenda ngati bakha. Anawerama pakadziwe kena, natapa tinsomba ndi manja awiri. Tinali tating'ono kuposa singano yaikulu, topanda polemba ngakhale chilembo chimodzi. Ananyamula ndowa kulowera pansi pa mlatho.

Haram anali tsidya lina, madzi ali m'mawondo. Anakuwa ndi mawu ake aja, msika wonse ukumva:

"Amake Duman! Ndowa yanuyo ikudontha, fulumirani!"

Ife amene tinali pamwamba tinazizidwa. Wogulitsa nsomba zouma anasiya sikelo. Mayi Tak anaima, natembenuka pang'onopang'ono.

"Ndamva, mwana wopanda ulemu iwe! Ndili ndi miyendo iwiri yokha!"

Anafika, nakhuthula ndowa mosamala, tinsomba n'kumwazikira pansi pa miyala.

Mmawa mwake Mayi Bang anatulutsa mutu pabenchi lawo, chitumbuwa chotentha chili pa mbale. Anatsokomola kawiri, ngati munthu woyesa mlatho wakale ndi phazi.

"Amake Duman, mwadya?"

"Sindinadye," anatero iwo, osadzutsa mutu pamakina. "Bweretsa."