Tsiku Limene Ndinatsutsa Apongozi

Mkazi wanga atangobereka mwana wathu wachiwiri, mwendo wake wakumanzere unatupa n'kumatentha. Tinkakhala ku Chalimbana, ndipo amayi ake anali atabwera kudzamusamalira. Anatereka madzi kuti amuthowe.

Ndinakumbukira dokotala wina amene ankafufuza za kuundana kwa magazi mwa amayi ongobereka kumene. Iye anali atalandira thandizo la ndalama pa kafukufukuyo, choncho ankatha kutsatira odwala mpaka kunyumba. Ndinamuimbira foni n'kumufotokozera zonse.

"Asaugwire mwendowo," anatero dokotalayo. "Magazi oundanawo akasuntha angapite kumapapo. Nibwera na motoka."

Ndinali ndisanawatsutsepo apongozi anga. Ndinagwada pakhomo la chipinda.

"Amayi, napapata, musamuthowe," ndinawachonderera.

"Ine nabala ana onse aba," anandiyankha, "lelo muniphunzitse imwe?"

Nsalu anali ataiviika kale. Mkazi wanga ankangoyang'ana pansi, akupuma mofulumira. Ndinanyamula beseni la madziwo n'kutuluka nalo panja, ndipo ndinadikira komweko mpaka galimoto ya dokotalayo inafika.

Kuchipatala anapezadi magazi oundana, n'kumuyambitsa mankhwala. Anachira bwinobwino. Apongozi anakhala milungu ingapo akundiyankha moni wokha.