Zitsa Zopsa za pa Phiri la Zomba

Inu amene mwagwira njakata n'kumati zanu zada, tamverani za Justus wa ku Matawale.

Justus ankasema ziboliboli n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera Phiri la Zomba. Chaka chimene anaika m'manda mkazi wake Maria, moto wa osaka mbewa unalusa m'nkhalango ya paini n'kunyeketsa chisakasa chake, katundu yense ali momwemo. Poyesa kupulumutsako, dzanja lake lamanja linapsa, zala ziwiri n'kupindikiratu.

Bala lisanapole n'komwe, anatulukira a Anderson a ku Mbedza, mchimwene wa malemu, kudzatenga Ella, mwana yekhayo wa Justus.

"Alamu, mwanayu ndi wa kwathu," anatero. "Mukadzakhalanso munthu, mudzabwere."

Justus anamulola mwanayo kupita. Akanati chiyani, m'nyumba mulibe ndi mchere womwe?

Mitengo yosemera analibe, ndipo kudula mtengo m'phirimo ndi mlandu. Zimene zinatsala ndi zitsa zopsa m'mbali mwa kanjira ka alendo oyenda pansi. Atapempha kwa oyang'anira nkhalango, iwo anaseka.

"Semani, bola osazula."

Anamangirira tchizulo kudzanja lopuwalalo ndi mphira, n'kuyamba. Ankachita monga anazolowera: kupala makala onse mpaka mtengo uyere mbee, kenako n'kupaka polishi ya nsapato. Anasema anyani, nyalugwe, mayi wosenza nkhuni.

Koma abale, chiboliboli cha pashelefu si cha pamtetete. Mvula itagwa, polishi inasukuluka, chiswe n'kulowa. Pofika Malichi anyani analibe mitu, ndipo mayi uja ukangomukhudza ankayoyoka. Justus anakhala pansi pakati pa njira n'kulira mokuwa, ogulitsa mabulosi akumuonerera. Ine ndikaikumbuka nkhaniyi pamenepa, mtima umandiwawa.

Chitsa chimodzi chokha ndicho chinali chilili, chimene anachisiya theka makala asanapale. Chiswe chinachilambalala. Apa m'pamene anazindikira kuti akasema ayenera kuwaula ndi moto.

Moto! Munthu amene chipsereni sankayandikira ngakhale mbaula. Tsiku loyamba muuni wa udzu unamugwa m'manja chifukwa cha kunjenjemera. Anautola. Woyang'anira nkhalango ataima pambali ndi ndowa ya madzi, Justus anawaula nyalugwe watsopano mpaka anada bii, thukuta ndi misozi zikutsikira limodzi.

Dzinja lotsatira linabwera n'kupita, ziboliboli zakudazo zili nji. Operekeza alendo anayamba kudzera njira imeneyo, ndipo oyang'anira nkhalango anamupatsa ntchito yosema zitsa za m'njira inanso.

Ndiye anavala malaya ake abwino, ulendo ku Mbedza.

"Mwana si mbuzi yoti mungomasula," anatero a Anderson. "Mufunseni mwini wake."

Ella anatuluka atatalika, n'kugwada patali ngati kwa mlendo.

"Kwanuko sukulu iliko?" anafunsa.

"Iliko, mwanangu."

Mwanayo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jumbo ya zovala. Njira yonse ya ku Matawale ankayenda kumbuyo. Mawu oti "ababa" anadzawatchula patapita miyezi, akupempha sopo, ndipo Justus anathawira kuseri kwa nyumba kuti mwanayo asamuone akulira.

Zaka zimene anataya sizinabwerere, koma mwana wake amagona pakhomo pake. Inunso, kaya manja akunjenjemera chotani, tolani chimene chagwacho. Musataye mtima.