Masamba Amene Abambo Anasuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene achimwene anga a Domingo anapatsidwa ukapitawo pa famu ya fodya pafupi ndi Concession, kumene tinabadwira. Ife ndife a ku Tete pa dzina lokha. Agogo ndiwo anachoka kumeneko wapansi kudzafuna ntchito, ife adzukulu sitinaoneko ngakhale fumbi lake. Anzathu achishona kusukulu akamanena kuti pa holide apita kumusha, ndiko kuti kumudzi kwawo, ife tinkangokanda pansi ndi chala. Kumusha kwathu kunali kukomboni, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya kapitawo, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti ntchito ikatha, nyumbanso yatha.

Masiku amenewo chuma changa chonse chinali kabuku ka zithunzi kamene amayi anatola kunyumba yaikulu mzungu wakale atachoka. Kanali ka maroboti, anthu achitsulo okhala mumzinda wachitsulo kutali kunyenyezi. Chizungu chake chinkandikanika, choncho a Domingo ndiwo ankandiwerengera. Mfumu ya mzindawo inaphwanyika kunkhondo, ndipo udindo unagwera karoboti kakang'ono kamene kale kankangolondera pachipata. Ife tinakatcha Kachitini. Sipanapite nthawi, mafuta amene marobotiwo ankamwa anayamba kusowa, ndipo anzake anadzaza msewu, maso ali psuu, zitsulo zili m'manja. Pa chithunzi chomaliza Kachitini anali ataima kuseri kwa chitseko, chimfuti chachikulu chili chomangirira kumkono kwake.

Zimene anachita kenako sindinazione. Masamba otsatira abambo anawang'amba kalekale n'kukulungira chingambwe, ati pepala lake linkayaka bwino. Nditalira, iwo anangoseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nkhaniyo ili bwinobwino m'chifuwa mwawo.

Chifuwa chomwecho n'chimene chinawatenga m'nyengo yozizira. Abambo anali kapitawo kwa zaka zambiri, ndipo atamwalira mwini famu watsopano, munthu wa ku Harare amene ankangobwera kumapeto kwa sabata, sanavutike kufunsa akuluakulu. Anasankha a Domingo chifukwa ankadziwa Chizungu ndi Chishona. Amayi anapuma, poti nyumba sitichokamo. Koma amuna a imvi ankayankhula chapansipansi kuti mwana wadzulodzuloli, ndevu zikadali zowerengeka, awauza chiyani za fodya. Ine ndinkawanyadira achimwene atavala jasi la khaki la abambo, ngakhale linkawakhwepa m'mapewa.

Pa famupo panali mwambo umene palibe amene anaulemba penapake. Fodya akatha kugulitsidwa, mwini famu ankapereka ng'ombe kwa antchito. Theka la komboni linali la Asilamu ochokera ku Malawi, theka ndi ife Akhristu a ku Tete. Mkhristu amadya nyama yozingidwa ndi Msilamu, koma Msilamu sangadye nyama imene sinazingidwe mwa pemphero lawo. Choncho mpeni unali wa Che Amidu, telala wachikulire amene ankatsogoleranso mapemphero mu kamzikiti ka udzu. Ng'ombe ikabwera, onse ankadikira Che Amidu, kaya kukugwa mvula, kaya mimba zikulira. Mdzukulu wawo Asiyatu anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, ndipo chaka chilichonse tinkathandizana kutsuka matumbo.

Chaka chimenecho kunali njala. Tinali titatopa ndi sadza la muriwo wopanda mafuta, ndiko kunena nsima ya ndiwo zamasamba, moti ng'ombe itatsitsidwa pa thirakitala ana tinaithamangira ngati taona mlendo wochokera ku Joni. Linali Lachisanu masana, Che Amidu ndi amuna anzawo ali kumzikiti. Ng'ombeyo inali yolusa. Inadula chingwe, n'kugwetsa thandala la mbale la mayi wina, n'kuyamba kuzungulira pakati pa nyumba. A Domingo anaithamangira, anaterereka pamatope n'kugwa chagada, ndipo anthu anafa nazo nseko. Wina anakuwa kuti kapitawo wa ana wakanika ngakhale ng'ombe. Ndinawaona akudzuka, khutu limodzi lili matope okhaokha. Gadi wa pafamu, amene anali ndi mfuti yothamangitsira nguluwe, anawafunsa ngati awombere.

"Womberani," anatero achimwene.

Che Amidu anafika akuthamanga, mpeni uli wokulunga m'kansalu koyera, koma anapeza ng'ombe itazizira kale. Anagwada, anaikhudza padiso, n'kudzuka. Sanakalipe. Anangokulunganso mpeni wawo n'kubwerera kwawo, ndipo Asilamu onse anawatsata, akazi atanyamula mabeseni opanda kanthu.

Chimene chinaipitsa zinthu ndi fungo. Madzulo amenewo theka la komboni linkakazinga nyama, utsi wa mafuta n'kumalowa m'nyumba za theka linalo, mmene ana ankalira. Akhristu ena opanda manyazi ankachita kuimba kuti chaka chino magawo akula. Amayi anakana kuphika gawo lathu, ine n'kuwakwiyira, pakuti mimba ya mwana sidziwa mlandu.

Kutacha, Asilamu sanapite kuntchito. Pa mjigo, umene kuno timati chibhorani, akazi anaponyerana ndowa mpaka wina anathyoka dzino. Asiyatu anandiuza pamaso kuti ndikununkha nyama yofa yokha, ine ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano. Mphekesera inafala kuti a Domingo anachita dala kuti a ku Tete adye okha, ndipo anyamata anayamba kunena poyera kuti banja lathu lichoke pakomboni. Mwini famu naye anatumiza uthenga kudzera mwa gadi: kapitawo atchule mayina a amene akutsogolera chipolowe, lole ya apolisi ibwera kudzawataya kumsewu ndi katundu wawo. Choncho zinali ziwiri, kuchoka ife kapena kuchoka iwo, ndipo tonse tinalibe kopita.

Ine ndine munthu wa mtima wapachala kuyambira ndili mwana. Ndinatenga pepala lokulungira mabelo a fodya ndi khala lapamoto, n'kujambula ndekha masamba amene abambo anasuta. Ndinamujambula Kachitini atatsegula chitseko, chimfuti chake chikulavula moto, maroboti a mumsewu ali zidutswazidutswa, mitu kwina, miyendo kwina. Ndinakawapeza achimwene atakhala pansi kuchipinda, mbale ya sadza ili pambali yosakhudza, n'kuwauza kuti ndi mmene nkhani ija inathera, nawonso achite chomwecho, atchule mayinawo.

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa kamutu kamodzi kamene ndinakajambula kakugubuduzika pakona.

"Aka n'kandani? Ndi Asiyatu, kapena kamlongo kake kaja kamakwawa?"

Ndinati ndi maroboti chabe. Iwo anati akudziwa, koma apolisi akabwera sadzanyamula maroboti. Ananenanso kuti abambo anapita osawauza kanthu, za kabukuko ngakhale za jasi limene anawasiyira, ndipo akuopa. Ndinali ndisanamvepo mwamuna wamkulu akunena kuti akuopa. Zinandinyansa, ndinene zoona, ndipo ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko.

Gulu la anthu okwiya aja linafika pakhomo pathu dzuwa litapendeka. Tinayamba kumva phokoso, kenako miyala padenga la malata. Pawindo ndinaona anthu amene ankandipatsa chimanga chootcha dzana lomweli, tsopano atanyamula mipini ya makasu. Gadi anabwera chakuseri n'kunena kuti aime pakhomo ndi mfuti yake, awombere m'mwamba. Achimwene anamuuza kuti mfuti imeneyo yalankhula kokwanira, apite nayo kutali. Anavula jasi la khaki, anavulanso nsapato, n'kupita kukhola kukamasula mbuzi zonse zimene abambo anasiya. Amayi anagwira kukamwa, chifukwa mbuzi zimenezo n'zimene a Domingo akanakalowolera mtsikana wina wa ku famu yoyandikana nafe. Koma sanawaletse. Anangonena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mbuzizo zinkandidziwa ine, poti ndinkazidyetsa, ndiye achimwene anandiuza kuti ndiziziguza kumbuyo. Tinatulukira pakhomo la kutsogolo, pakati pa anthuwo. Mwala unachokera kumanzere n'kuwamenya achimwene pamwamba pa diso, ndinamva kulira kwake, ndipo magazi anatsikira pamalaya. Ndinatola mwala nanenso, koma iwo, osacheuka n'komwe, anandiuza kuti ndiutaye ndigwire mbuzi. Anthu sanadziwe chochita ndi munthu wosavala nsapato wokoka mbuzi. Anapatuka pang'onopang'ono n'kumatitsata, akutukwanabe, mpaka pakhonde la Che Amidu.

Mkuluyo anali pa makina ake osokera. Achimwene anakhala pansi pafumbi, ngati mwana wolakwa, n'kuwomba m'manja.

"Bambo, anthu anandiseka, ine n'kuchita manyazi, n'kukulandani mpeni wanu. Mbuzi izi sizingakwane ng'ombe, ndikudziwa. Koma muzizinge ndinu."

Che Amidu anapitiriza kupalasa makina mpaka msoko unatha. Atadula ulusi ndi mano, anati abambo athu anawadikirapo tsiku lina mpaka ng'ombe inagona yokha ndi kutopa, ndipo palibe anafa ndi njala chifukwa cha kudikirako. Kenako anaitana Asiyatu kuti abweretse madzi ndi mchere atsuke bala. Asiyatu anabwera ndi beseni, osandiyang'ana. Bala litamangidwa, mkuluyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu koyera kaja.

Musaganize kuti zinatha ndi nthungululu. Nyama ya mbuzi inali yochepa, ena anaikana. Mwini famu atabwera anafunabe mayina, achimwene n'kunena kuti dzina limene ali nalo ndi lawo lomwe. Anawachotsa ukapitawo pomwepo, ati ndi ofooka. Tinasamukira m'kachipinda kamodzi kumapeto kwa komboni, pafupi ndi zimbudzi, ndipo amene anatinyamulira bedi la amayi ndi ana a Che Amidu. Lole ya apolisi sinabwere. A Domingo anabwerera kukasonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya, mtsikana uja anakwatiwa ndi wina, ndipo diso lija mpaka lero limaona mwachimbuuzi. Ine ndi Asiyatu tinayambanso kulonjerana, koma matumbo sitinatsukirenso limodzi.

Kwa zaka zambiri ndinkawaona achimwene ngati munthu wolephera, ndipo masiku ena ndikaona mmene akalambira msanga mtima umandiwawabe. Panopa ndimasoka zovala pa mashopu a ku Concession, pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo ana anga amaonera maroboti awo pafoni, owombera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndaonanso akuluakulu ambiri, kutchalitchi, kusukulu, ngakhale m'komiti ya pamsika, amene akalakwa amasakasaka mayina a ena oti apereke. Ndi pamene ndinamvetsa kuti ng'ombe ija inaphedwa ndi mantha a kusekedwa, ndipo mantha omwewo akanatha kutaya mabanja kumsewu achimwene akanawamvera kachiwiri.

Chaka chatha ndinawafunsa ngati amaganizako zimene zinali pa masamba aja. Anaseka monga ankasekera abambo, n'kunena kuti mwina Kachitini anawomberadi, poti timabuku timeneti timakonda mfuti. Ndinawafunsa kuti nanga iwo bwanji sanatero, pamene ine mlongo wawo ndinachita kuwajambulira njira. Anasisita chipsera chija ndi chala.

"Unajambula bwino kwambiri, mlongo wanga. Ndinaona nkhope zawo."