Tinawaika Achimwene M'nyumba Mwawo

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, khosi lili gwa chifukwa chogonera khoma. Sindinganene kuti ndinagona, ndinangoba tulo pang'ono. Mwera unali utawomba usiku wonse, ndipo amayi a kutchalitchi anali akuimbabe ndi mawu osasa, atafunda nsalu mpaka kumutu. Mtembo wa achimwene unagona pamphasa pakati pa nyumba yanga, popeza yawo inalibe denga. Mlamu wanga, mkazi wawo, anakhala kumutu osalira. Misozi inali itamuthera dzulo lake.

Kwa inu akutali, ndinene ndekha chimene chinawapha, musamve za m'maluwa. Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi, kumene tinathawira, n'kupeza kuti gombe limene makolo athu anasiya, kumwera kwa Kobwe, lili m'manja mwa munthu wina. Mkuluyo anatilola kumanga, ife n'kumamupatsa dengu la usipa pachaka. Zinatiwawa, koma tinakhala. Iye atamwalira, mwana wake wokhala ku Lichinga, amene amafuna tizimutcha patarau, ndiye kuti bwana pa Chipwitikizi, anati tichoke chifukwa akufuna kumangapo nyumba zogona alendo. Anatchinga waya kuzungulira ngakhale manda a mudzi, kenako anatumiza alonda ake ndi migwala kuti azule zitseko ndi kusasula madenga. Achimwene anaima pakhomo pawo, manja atagwira mafelemu uku ndi uku. Mgwala unawapeza m'mutu, ndipo anatsirizikira m'boti tisanafike kuchipatala ku Metangula. Anyamata athu nawo anatentha chisakasa cha alondawo, wina n'kumuthyola mkono ndi nkhafi. Sindibisa zimenezo, ndipo chisoni ndilibe nazo.

Nditatuluka panja ndinapeza moto uli mbali zonse. Amuna anali ataunjikana pa zitsa, ena atagona m'mabwato ogadamika. Kuseri amayi anali atayamba kale kusefa ufa wa chinangwa, utsi ukuwalowa m'maso chifukwa cha mphepo. Mayi wina amene sitinalankhulane chaka chathunthu pa nkhani ya mbuzi anali akuwaza nkhuni zanga ngati zake. Ndinamuyang'ana, iye anandiyang'ana, basi nkhani ya mbuzi inathera pomwepo.

Uthenga wa patarau unali utabwera kale dzulo lake. Anati pamalo pake pasaikidwe munthu. Adzatumiza bokosi labwino ndi lole, titenge mtembo tikauike kumtunda ku Maniamba kumene kunachokera agogo athu aamuna. Ena anati ndi chifundo. Chifundo chanji! Aliyense wa ife anadziwa kuti maliro akakwera lole, ndiye kuti tavomera pamaso pa anthu kuti pano ndife alendo, ndipo mawa lake tikwera lole yomweyo ndi miphika yathu. Munthu amaikidwa kwawo. Ife tinagwirizana kuti popeza manda atsekedwa ndi waya, achimwene tiwaika m'nyumba mwawo momwe, pansi pomwe ankagona.

Kutangoyera, adzukulu anafika ndi makasu. Kwathu kuno mwini maliro sakumba manda ake. Amakumba ndi adzukulu, banja la tsidya la mtsinje limene limaika akufa athu, ife n'kumaika awo, kuyambira kalekale. Tsiku la maliro mdzukulu saletsedwa kanthu. Agwira nkhuku yako, akunyoza, atsanzira malemu, iwe n'kungoti chete kapena kuseka uli ndi misozi. Wamkulu wawo ndi mayi wina wamfupi wa pakamwa ngati lumo. Analowa m'nyumba, n'kuvala jekete long'ambika la achimwene ndi chipewa chawo, n'kuyamba kuyenda motsimphina ngati iwo, akukalipira ana kuti achoke pa ukonde wake. Mlamu wanga anaseka koyamba chichitikireni ngozi ija, kenako analira mpaka kugwa.

Kalipentala anabwera kwa ine dzuwa likutuluka, akukanda m'mutu. Bokosi ankakhoma ndi chitseko cha achimwene, chomwe chija alonda anazula n'kutaya pamchenga, koma matabwa sanakwane. Achimwene anali munthu wamtali. Ndinatenga hamala m'manja mwake, ndinazula ndekha chitseko changa, n'kumuuza anyamule. Anthu ena anati ndapenga, nyengo ya mwera ino munthu n'kugona pakhomo pali pululu? Ndinawauza asamale makomo awo.

Anthu anayamba kufika. A ku Likoma ndinali nditawataya mtima chifukwa nyanja inali yolusa, koma maboti awo anatulukira, akumira n'kuvuuka m'mafunde, anthu atanyowa mpaka m'khosi. Anatsika akunjenjemera, atasenza nkhuni zochepa ndi ufa m'matumba a pulasitiki. Ochokera kumtunda anatsika ndi chimanga pamutu, mapazi ali mbuu. Panabwera asodzi amene achimwene anakangana nawo moyo wawo wonse pa za malo oponya ukonde wa chilimira. Panabwera ndi mabanja a gombe lina amene anathamangitsidwa chaka chatha, amene tsopano akukhala m'zisakasa kuseri kwa msika. Amenewo sanalire mokweza. Anangokhala pamodzi, maso ali pa nyumba zosasulidwa zija.

Lole inafika dzuwa litakwera. Kumbuyo kwake kunali bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide, loti ngakhale bwanamkubwa angalisirire, ndi alonda a patarau atanyamula zibonga. Nyimbo zinazima. Anyamata athu anayamba kutola nkhafi ndi miyala, ndipo ine ndinaona kuti tiika anthu awiri kapena atatu m'malo mwa mmodzi. Alondawo analunjika ku nyumba ya achimwene kumene dothi lofiira linali litaunjikana kale pakhomo. Ndinawatsatira, ndi khamu lonse pambuyo panga.

Wotsogolera alondawo tonse timamudziwa. Ndi bambo wa ana ake, wobadwira tsidya la mtsinje lomwelo, mwana wa mchemwali wake wa mayi wamfupi uja. Si iye anaponya mgwala, koma analipo tsiku lija, ndipo anaona. Anaima pamwamba pa dzenje n'kunena kuti akwirire, walamula mwini malo.

Mayi uja anatuluka m'nyumba yosasulidwayo, jekete la malemu lili m'thupi, khasu lili m'manja. Sanakweze mawu.

“Iwe, amayi ako anawakumbira manda ndani?”

Tonse tinkadziwa yankho. Achimwene ndiwo anakumba, nthawi ya dzinja, madzi akudzaza dzenje iwo n'kumakapa ndi chidebe.

“Ndiye wabwera mochedwa, mdzukulu. Anzako atopa. Gwira apa.”

Anamuika khasu pachifuwa. Mdzukulu akakana khasu pamaliro, tsiku lake likadzafika palibe amene adzamukumbire, iye ngakhale ana ake. Adzawola m'nyumba. Patarau angamupatse yunifolomu ndi nsapato, koma sadzabwera kuchokera ku Lichinga kudzamukumbira manda. Bamboyo analandira khasu lija. Kenako anapereka chibonga kwa mnzake, anavula nsapato, n'kutsikira m'dzenje.

Ndinene zoona, sindinakondwe. Kuona manja amene anasasula denga la achimwene akukumba pogona pawo, malovu anandidzaza m'kamwa, ndinafuna kumulavulira pamutu. Mlamu wanga anandigwira dzanja n'kulifinya. Ndinameza. Alonda enawo, ambiri ochokera kutali, anayang'anana osadziwa chochita, kenako anabwerera kukakhala pamthunzi wa lole. Adzukulu ena anakwera lole ija, anatsitsa bokosi la patarau, n'kulisandutsa mpando wodyerapo. Woyendetsa lole atadandaula, anamulanda chipewa.

Tinanyamula maliro dzuwa litapendeka. Kuchokera kwanga kufika kwa achimwene ndi pafupi, mwana atha kuponya mwala, koma sitinadutse chidule. Tinazungulira mudzi wonse. Tinadutsa pa nyumba iliyonse yozulidwa chitseko, tinatsikira kugombe kumene bwato lawo linali, tinayenda m'mbali mwa waya uja kuti makolo ogona mkatimo amve kuti tikudutsa. Bokosi linali loipa, ndivomere. Mbali ina linali lobiriwira, utoto wa chitseko changa, mbali ina lakuda ndi utsi, ndipo chapamutu pankaoneka bowo la loko ndi chipsera cha mgwala. Amuna ankalandirana paphewa osalola kuti litsike. Mphepo inkatimwaza mchenga m'maso, nyimbo n'kumapita nayo kumtunda. Titafika pa lole palibe anatembenuka.

Polowa m'nyumba bokosi linadutsa pakhomo pomwe anagwera. Apo ndi pamene ndinalira ngati mwana, ndikuitana dzina lawo la paubwana limene sindinalitchule zaka zambiri. Akatekisiti anapemphera mwachidule. Amene analandira bokosi pansi m'dzenje anali bambo uja, yunifolomu ili yofiira ndi dothi. Atatuluka sanayang'ane munthu. Anatola nsapato zake n'kuwoloka mtsinje wapansi, osabwerera ku lole.

Dothi tinaponya tonse. Mwambo umati achibale okha, koma tsiku limenelo aliyense anadutsa ndi dzanja lake, a ku Likoma, a kumtunda, ndi aja a kuseri kwa msika. Mkulu wina wa iwo anaponya kawiri, nati kwina n'kwa mkazi wake amene anamuika kuchilendo. Adzukulu anaunjika miyala ya kunyanja pamwamba, yaikulu yoti munthu mmodzi sangaisunthe. Lole inabwerera ndi bokosi lake lopanda kanthu, lili ndi madontho a msuzi pachivundikiro.

Madzulo anthu anabalalika. Maboti anadikira mphepo kuti igwe, moto unatsala phulusa, ndipo agalu ankanunkhiza pamene panali miphika. M'nyumba mwanga munatsala ine ndi mlamu wanga, ndi mphasa ija itapindidwa pakona. Sindikudziwa ngati patarau adzatisiya. Mwina sabata yamawa atumiza anthu ena, osadziwa mtsinje wathu ndi adzukulu ake.

Mphepo inkalowa pakhomo mwaufulu n'kumazimitsa nyali. Mlamu wanga anadzuka kuti atchingepo mphasa, ine ndinamuletsa. Ndili pomwe ndinakhalapo ndinkaona mulu wa miyala uja m'kati mwa makoma a achimwene.

“Siyani choncho, mlamu. Akabweranso kudzazula chitseko changa, tidzawalozera pomwe chili. Akakumbe.”