Duwa lokhala ndi nkhokwe pansi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, kwathu kwa Mavwere, pamene mbewu yonse ya chimanga imene tinali nayo inali kapaketi kamodzi kolandira ku boma. Ya makolo tinali titakazinga nthawi ya njala. Bambo anakapachika kudenga, ndipo ngakhale kukaloza ndi chala unkayamba wayang'ana uku ndi uku.

Kumapeto kwa Okutobala kunagwa mvula yamphamvu. Dothi linanunkhira, ndipo m'mphepete mwa dambo, pamene panali lupsa lakuda bii, panadzaza timaluwa tachikasu. Ife ana tinkangotitcha kanyenyezi. Sitinkamera m'madzi kapena pamthunzi, koma pamtetete pamene udzu unapsa. Masamba ake anali aatali ngati udzu koma aubweya, ndipo duwalo linkatseguka m'mawa, dzuwa likapendeka n'kudzitsekera.

Mudzi wonse unathamangira kumunda kukadzala. A Gelesomu, amene tinkachita nawo malire, ankati maluwa atuluka, ndiye kuti nthaka yakhuta. Bambo okha anakhala pakhonde n'kumasema mpini. Ine manyazi anandigwira, pakuti kuchitsime anzanga ankandifunsa ngati kwathu tidzadya mipini. Ndinali wapakamwa kuyambira kale, choncho ndinakawafunsa bambo chimene tinkadikira pamene ngakhale maluwa akutchire anali atadzuka.

Sanandikalipire. Anatenga khasu n'kundiuza kuti ndiwatsate. Kudambo anakumba kanyenyezi kamodzi, ndipo pansi panatuluka chinthu chonga koko, chachikulu ngati chibakera changa, chakuda ndi chaulusiulusi kunja. Atachidula ndi mpeni, m'kati munali mwachikasu, monyowa, utomoni wake ukumata zala. Posakhalitsa podulapo panayamba kuda.

"Esinati, ukuona? Aka kali ndi nkhokwe yake pansi. Moto ukadutsa kamatuluka, mvula ibwere kapena isabwere. Nanga njere ya chimanga ili ndi chiyani?"

Anati mvula ija inali chizimalupsa chabe. Kenaka anakwirira chibenthu chimene chinali ndi masamba, napondapo ndi chidendene.

Dzuwa linabwerera ndi ukali. Chimanga cha anzathu chinamera bwino, kenaka chinapota masamba n'kuuma tikuona. Kanyenyezi kokha kanapitiriza kuwala kudambo ngati palibe chachitika. Mvula yeniyeni itagwa, bambo anatsitsa kapaketi kaja. Tisananyamuke kupita kumunda anatapamo mbale imodzi n'kundituma kwa a Gelesomu, ndi chenjezo lakuti ndikangopereka, pakamwa ndikatseke. Kutseka pakamwako kunandivuta kuposa kudikira kuja.

Zaka zingapo pambuyo pake kunabwera anthu ndi matumba, akuti chomera chija ndi Afirikani poteto ndipo m'tauni chikufunidwa ngati mankhwala. Anakumba osakwirira kanthu. Potsala anthu analimapo madimba. Ndikapita kumudzi masiku ano ndimayenda m'mphepete monsemo, ndipo ndikapeza kamodzi mtima umandiwawa, chifukwa amene anandionetsa m'kati mwake anagona kale.

Pano ndimakhala ku Lilongwe, kumene anthu ena amachita maluwa ngati kanyenyezi ngakhale mu Okutobala. Ana anga akayamba kunditchulira zimene anzawo achita, akuti ifenso tichite zomwezo msanga, ndimamva utomoni uja m'zala. Ndimawauza kuti ayambe afunsa chimene mnzawoyo ali nacho pansi, pakuti ife kwathu timakhala ndi kapaketi kamodzi.